Mawu Amene Ndinabisira Kwaya Yanga

Monire mose, amama ndi adada. Ndiyankhula Chichewa chifukwa andiuza kuti ena mwatsika kuchokera ku macheka a ku Viphya ndipo Chitumbuka chimakudutsani. Chichewa changa n'cha pamsika wa pa Boma pano, mbwenu mupirire nacho. Chikwama changa ndichisiya pamiyendo pompano. Musakhumudwe, si inu nokha, ndimatero ngakhale pakati pa ana anga.

Ine ndine NyaShaba, wa m'mudzi wina pakati pa Embangweni ndi Champhira. Ndili ndi zidzukulu zisanu ndi ziwiri. Ntchito imene anthu amandidziwa nayo ndi yopeka nyimbo za kwaya. Ambiri mwa inu ndinu oimba, ena ndinu oimbitsa, ndipo ndaona kale awiri atatu amene maso awo ndi ofiira ngati mmene analili anga. Sinditchula munthu. Ndikuonani basi.

Nyimbo zanga sindinkazilemba. Kulemba ndimatha, umboni uwu ndalemba ndekha, koma pepala ndinkaliopa chifukwa limalowa m'thumba la munthu aliyense. Nyimbo inkandipeza ndikupalira. Khasu likamagunda, ndiye kugunda kwa nyimbo kumeneko. Sopulano inkabwera pamzere woyamba, aluto pobwerera, ndipo pofika kumapeto kwa munda besi imakhala yakhazikika pansi pake. Mawu ankabwera pambuyo, popita kuchigayo kapena potsuka mbale. Ndipo nyimbo yosalembedwa imafuna kuimbidwa. Ukaisiya mwezi, imayamba kuthothoka, mzere uwu lero, wina mawa. Choncho m'mawa uliwonse ndinkaziyendera monga munthu amayendera ziweto zake m'khola.

Ndisanamizire kudzichepetsa. Ndinali katswiri. Kwaya ya pa tchalitchi chathu inali ya alimi okhaokha, anthu a mapazi ong'ambika, koma tikaimirira pa mpikisano wa makwaya, a yunifomu zonyezimira ankayang'ana pansi. Azimayi amene sindikuwadziwa ankandigwira chitenje pamsika n'kunena kuti, “Gogo, nyimbo yanu ija inandiliza.” Ndinkayankha kuti yewo, kenako n'kufufuza ngati mfundo ya chitenje changa ikadali yomanga.

Vuto linayamba chaka china pa mpikisano. Kwaya ya ku Champhira inaitanidwa ife tisanaimbe. Atatsegula pakamwa, ndinamva nyimbo yanga. Imene tinaikonzekera miyezi itatu, imene inandipeza m'munda wa mtedza. Anaisintha pang'ono pothera, koma mwana wako umamudziwa ngakhale atam'meta. Ife tinaimba ina yakale, tinabwerera opanda kanthu.

Sindinafunse munthu. Ndinangoyang'ana mkamwana wanga, kapena kuti mpongozi kwa inu a Chichewa. Dzina lake ndi NyaTembo, mkazi wa mwana wanga wamwamuna amene amagwira ntchito ku Joni. Kwawo n'ku Champhira komweko, ndipo azakhali ake ankaimba m'kwaya ija. Ankakhala pakhomo panga, ankaimba aluto m'kwaya yanga. Kwa ine nkhani inathera pomwepo.

Tsiku la pulakatisi ndinamuuza pamaso pa onse kuti, “Mkamwana, kuyambira lero uzitsala kunyumba. Nkhuku zikufuna munthu.”

Anagwada monga mwa mwambo wathu, n'kunena kuti, “Ndamva, amama.” Anatenga mpango wake n'kutuluka. Sanafunse chifukwa, ndipo ine ndinati kusafunsako ndi umboni wakuti walakwa.

Kenako ndinapeza nzeru imene ndinkainyadira chomene. Ndinati wakuba akhoza kumva kaimbidwe kudzera pazenera, koma nyimbo yopanda mawu ake ndi chigoba. Ndiye ndinayamba kuphunzitsa kwaya ndi mawu onamizira. Ndinkapeka mawu achabechabe okwanirana ndendende ndi enieni, za ndiwo, za mbuzi, za matope a panjira. Kwaya inkaimba amenewo miyezi yonse, mazenera otseka. Mawu enieni ndinkawasunga m'mutu mwanga, n'kuwapereka m'mawa wa tsiku la mpikisano, tili kale m'lole.

A Moyo, mkulu wa mpingo amene ankatsogolera besi, anandichenjeza. “NyaShaba, lilime la munthu wamkulu lili ngati ng'ombe ya pangolo. Njira imene yazolowera ndi imene imatenga.”

“Adada, inu muziimba besi, kuganiza mundisiyire ine,” ndinatero.

Chaka choyamba zinatheka, chifukwa nyimbo inali yaifupi. Tinapambana, ndipo mutu wanga unakula. Chaka chachiwiri ndinapeka nyimbo yoposa zonse zimene ndinapekapo. Inkayamba motere: “Mwandiitana ndi dzina, simunanditaye.” Mawu onamizira ake anali akuti: “Nkhwani wadzulo wasasa, bwerani tiudye.” Kwaya inaimba nkhwani umenewo miyezi inayi, kawiri pa sabata, mpaka ana a m'mudzi ankauimba pothamangitsa mbuzi.

Tsiku litakwana tinakwera lole. Ine ndinakhala kutsogolo kwa bodi ndi asopulano, n'kumafuula mawu enieni. Abesi ndi atena anali kumbuyo, m'fumbi, akugwirira zipewa zawo, lole ikudumpha m'maenje. Ankagwedeza mitu ndipo ine ndinati amva.

Tchalitchi chinali chodzaza, anthu mpaka m'mazenera. Abusa kutsogolo, oweruza patebulo lawo. Ndinakweza dzanja. Asopulano analowa bwino, mawu oyera ngati madzi a pachitsime. Kenako a Moyo ndi anzawo analowa ndi mphamvu zawo zonse, zifuwa zotukula, akuitana mpingo wonse wa Mulungu kuti ubwere tidye nkhwani wosasa.

Aluto anasokonezeka, theka anatsatira kumwamba, theka anatsatira nkhwani. Kuseka kunayambira kumbuyo n'kubwera kutsogolo ngati moto wa m'tchire. Woweruza mmodzi anabisa nkhope m'mapepala, mapewa akugwedezeka. Abusa sanaseke. Dzanja langa linatsala m'mwamba, sindikudziwa amene analitsitsa.

Akuluakulu a mpingo anati tanyoza nyumba ya Mulungu. Anandiimitsa kuimbitsa kwa chaka chimodzi. Chinali chilango choyenera, ndipo ndikanakhala munthu wofatsa ndikanangodikira. Koma dzina linanditsatira. Pachigayo, pamjigo, pokwera kabaza pa Boma: “Gogo Nkhwani, wasasa kodi?” Ndinasiya kupita kutchalitchi. Panjira ya kudimba kwanga panali nyumba ya mayi wina wotcheza kachasu. Tsiku lina ndinakhala pakhonde pake kuti ndipume. Anandipatsa pang'ono m'kapu kuti mtima utsike. Unatsikadi.

Zina ndifulumira nazo, chifukwa ambiri mukuzidziwa. Kapu inasanduka velemoti. Madzulo anasanduka m'mawa. Dimba linamera udzu. Zaka zitatu. Ndinagulitsa yunifomu yanga ya kwaya, ndinagulitsa nkhuku zimene ndinati mkamwana aziyang'anira. Ndinagwapo m'ngalande masana dzuwa likuswa mtengo, chitenje chili kwina, ana a sukulu akudutsa, zidzukulu zanga zili m'gulu lomwelo. Koma choipitsitsa n'chakuti ndinkaimba pamowa. Amuna ankati, “Gogo, tiimbireni ya nkhwani, tikuthirirani.” Ndipo ndinkaimirira, n'kukweza dzanja ngati ndili kutsogolo kwa kwaya, n'kuimba nkhwani, iwo akuwomba m'manja. Nyimbo imene Mulungu anandipatsa m'munda ndinkaisinthanitsa ndi kapu.

Nyimbo zinazo ndinasiya kuziyendera. Sindinadandaule. Ndinkati zili m'mutu mwanga, palibe amene angazibe.

Masiku onsewo mkamwana ankandiphikira, ankandichapira, ankandinyamula. Ine ndinkanunkhiza chakudya chake ndisanadye.

Tsopano ndichepetse liwiro, chifukwa izi ndi zimene ndabwerera kuno.

A Moyo anamwalira nthawi yokolola. M'mawa wa tsiku loika maliro, akazi awo anatuma mlongo wawo kwa ine. Anandipeza ndisanamwe. Anati, “Malemu anasiya mawu. Anati nyimbo ija anaiwononga ndi iwo, sanaiimbepo bwino pamaso pa Mulungu. Anati pamanda pawo muiimbe inuyo, ndi mawu ake enieni.”

Munthu amene ndinamuchititsa manyazi pamaso pa abusa anafa akuganiza kuti wolakwa ndi iye. Ndinasamba, ndinabwereka mpango woyera, ndinapita. Panjira sindinayeserere n'komwe. Nyimbo yanga, ndiyesererenji?

Bokosi litatsika, mlaliki anati, “Mayi NyaShaba ali ndi nyimbo.” Anthu anapatuka. Ndinaima pamulu wa dothi lofiira, nsapato zikulowa pansi. Kwaya yanga yakale inali tsidya lina la dzenje, onse akuyang'ana mapazi awo. Ndinapuma mpweya, ndinamva kaimbidwe kakubwera bwinobwino kuchokera m'mimba. Ndinafufuza mawu.

Munalibe. Ndinapeza nkhwani yekha.

Abale anga, ndinafufuza m'mutu monse ngati munthu wofufuza singano m'nkhokwe. Mzere woyamba, wachiwiri, pothera, paliponse pamene ndinagwira panali nkhwani. Zaka zitatu ndinkaimba mawu abodza tsiku ndi tsiku, enieni osawakhudza, ndipo lilime langa linatenga njira imene linazolowera, monga ananenera munthu amene anali m'bokosimo. Ndinadziwa kuti ndikangotulutsa mawu, ndiitana anthu kudzadya nkhwani pamanda a a Moyo, akazi awo ali pomwepo. Ndinatseka pakamwa. Ndinamva khwangwala m'mitengo ya bulugama. Wina anatsokomola. Namfedwa anadzutsa mutu n'kundiyang'ana, akudikira.

Kenako kumbuyo kwanga, pansi pomwe panakhala azimayi, munthu anayamba motsitsa, m'mawu a aluto: “Mwandiitana ndi dzina.” Sanaimbe ngati wotsogolera. Anaimba monga mmene umam'patsira munthu mchere pansi pa tebulo kuti alendo asaone. Anaima pang'ono kuti ndilowe. Ndinalowa. Asanathe mzere uliwonse ankandiikira mawu oyamba a mzere wotsatira, ine n'kuwatola. Ndime yoyamba, yachiwiri, yachitatu imene ngakhale asopulano anaimva kamodzi kokha m'lole. Pofika pothera, kwaya ija tsidya lina inayamba kung'ung'udza pansipansi, abesi akulira poyera. Sindinatembenuke. Mawu a mkamwana wanga ndinkawadziwa, ndine ndinawachotsa m'kwaya.

Pobwerera anayenda kumbuyo kwanga, ndowa yopanda kanthu pamutu. Titafika pamlatho wa mitengo, pomwe panalibe anthu, ndinaima.

“Mawu aja unawatenga kuti?”

Mukuona mtima wanga? Munthu wandivundikira pamaso pa mudzi wonse, ine funso langa loyamba n'la wapolisi.

Anatula ndowa, anagwada m'fumbi. “Kwa inu, amama.”

“Sindinakuphunzitsepo.”

“Simunandiphunzitse. Koma mukamatsuka mbale kuseri kwa khitchini munkaimba, ine ndili mkati. Zonse ndili nazo. Ya m'munda wa mtedza, ya ubatizo, ya mvula. Mutasiya kuziimba ndinayamba kuziimba ine, popalira, kuti zingathothoke.”

“Ndiye ndiwe unapereka ija ku Champhira.”

Anati, “Amama, ndinene?”

“Nena.”

“Pachigayo. Injini ikamalira mumaimba mokweza, mumayesa palibe akumva. Injini ikazima inu simuzima msanga. Azimayi a ku Champhira amagayitsa pomwepo Lachisanu. Azakhali anga anabwera kudzandifunsa kuti nyimbo yokoma ija amaimba apongozi ako pamzere ndi ya m'buku liti. Ndinawauza kuti ndi yanu, asaigwire. Sanandimvere.”

“Bwanji sunandiuze?”

“Mukanandikhulupirira?”

Ndinakhala pansi pamlathopo. Zaka zonsezo ndinkalondera zenera, ndinkalondera mkamwana, ndinkalondera a Moyo, pomwe wotulutsa nyimbo anali pakamwa panga pomwe. Ndinamuuza kuti adzuke. Anakana, chifukwa mkamwana saima apongozi ali pansi. Mbwenu tinakhala tonse m'fumbi, akazi awiri ovala mipango ya maliro, mpaka wa ngolo anatipempha kuti timupatse njira.

Musaganize kuti mowa unathera pamlatho. Ludzu silimva nyimbo. Choyamba chimene ndinachita n'kusintha njira ya kudimba. Yatsopanoyo ndi yotalika, imazungulira kudambo, koma sidutsa pakhonde lija. Sabata yoyamba thupi linkanjenjemera, ndinkasanza, ndinkaona zinthu pakhoma. Mkamwana ananditengera kuchipatala pa kabaza ndipo a kumeneko anandithandiza. Musachite manyazi kupita, kusiya mowa mwadzidzidzi kumadwalitsa ndithu. Ndinagwanso m'mowa kawiri. Kachiwiri ndinadzipereka ndekha kwa amayi a chigwirizano, ndinati mundiyang'anire, ine ndekha sindidzikhulupirira. Mayi wotcheza uja anandiitanapo panjira kuti, “Gogo, mwatitaya?” Ndinati, “Moni ndikupatsani kuchokera pano pomwe.”

Nthawi imene ludzu linkandivuta kwambiri inali chakum'mawa dzuwa litakwera pang'ono. Ndiye nthawi imeneyo tinaipatsa ntchito. Tinkatenga makasu awiri, mkamwana mzere wake, ine wanga, iye n'kumandiphunzitsa nyimbo zanga zomwe. Mudziwe kuti si chinthu chophweka kwa munthu ngati ine kuuzidwa ndi mwana kuti, “Ayi amama, pamenepo mumakwera.” Ndinkakangana naye, ndipo nthawi zambiri wolondola anali iye. Nyimbo ziwiri zinatayika, chifukwa ndinazipeka ndili ndekha kudimba, iye sanazimvepo. Nthawi zina kachidutswa kake kamandidutsa m'khutu, ndikati ndikagwire kapita. Zimenezo ndinazipha ndine, ndipo sindinamizira munthu.

Kenako ndinapita ku pulakatisi, Lachitatu masana. Ndinagwada pakhomo, ine amene ndinkawaloza ndi chala. Ndinati, “Ndinakuyesani akuba, ndinakudyetsani mawu abodza, manyazi anga ndinakusenzetsani inu. Ndapota, mundikhululukire. Ndipo NyaTembo sanabe kanthu.” Mayi wina wa sopulano anati, “Takumvani, Gogo. Koma mazenera titsegule, tinkafa ndi kutentha.” Anaseka onse, ndipo kuseka kumeneko kunali kosiyana ndi kuja.

Lero kagwiridwe kanga ka ntchito ndi kena. Nyimbo ikandipeza m'munda, dzuwa lisanalowe ndimakhala nditaiimbira anthu atatu, ndi mawu ake enieni. Mkamwana amaijambula pa foni n'kuitumiza kwa mwamuna wake ku Joni, ndipo poyamba pake ndimanena dzina langa ndi mudzi wanga, kuti aliyense woimva adziwe mwini wake. Mawu timawalemba m'kope, ndipo makopewo ndi awiri, m'nyumba ziwiri zosiyana, chifukwa chiswe nachonso sindichikhulupirira. Kwaya ina ikafuna nyimbo, ibwere masana, ipemphe, ndiiphunzitsa ndekha mpaka besi ikhale pamalo pake. A ku Champhira anabwera. Azakhali aja anabwera ndi nkhuku, ndinailandira, ndinaiyang'ana bwino ngati ilibe chitopa. Tsopano akamaimba nyimbo yanga amayamba anena kuti ndi ya NyaShaba. Ndili ndi anthu kumeneko amene amandiuza akaiwala.

Inu amene mumapeka, kaya ndi nyimbo, kaya ndi masewero, ndikudziwa mantha anu, ndipo si opusa. Akuba alipo. Koma ine nyimbo zanga zimene zinapulumuka ndi zokhazo zimene munthu wina anazimva. Ndipo inu a maso ofiira, taonani bwinobwino amene amakuchapirani zovala pamene mukumutukwana. Mwina ndi amene akukusungirani chinthu chimene mukuyesa kuti chikadali m'manja mwanu.

Chaka chatha tinabwerera ku tchalitchi chomwe chija, pa mpikisano. Zaka zinayi osalawa dontho. Sindinaime kutsogolo. Ndinamuuza mkamwana kuti aimbitse, ine ndinaima pamzere wa aluto, pamalo pamene ndinamuchotsa. Tikukwera kutsogolo, mdala wina wa pakhomo anandinong'oneza mokweza kuti anzake amve: “Gogo, lero nkhwani ulipo?”

Ndinati, “Tinadya wonse, adada. Mwachedwa.”

NyaTembo anakweza dzanja. Asopulano analowa, ife tinalowa, kenako abesi, amuna asanu ndi mmodzi, onse pamodzi: “Mwandiitana ndi dzina, simunanditaye.” Akazi a a Moyo anali pa benchi yachitatu, milomo yawo ikuyenda limodzi nafe. Tinakhala achiwiri. Ndikuganizabe kuti oweruza anatibera, koma imeneyo ndi nkhani ina.

Mkamwana wanga ali pano, uyo wakhala pafupi ndi chitseko. Imirira, NyaTembo, akuone. Bwera unditengere chikwamachi, ndikufuna manja onse awiri. Inu nonse imirirani, asopulano mbali iyi, abesi uko. Amene muli ndi mafoni jambulani, ndalola. Nyimboyi ndi ya NyaShaba, ndipo mawu amene ndikupatseni ndi enieni. Yewo chomene.